Mmene Gologolo Adavinitsira Matumba a Boma

Padangokhala, abale anga. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse. Amene mwadzera tulo gonani, koma musadzandifunse mawa kuti zidatha bwanji.

Chaka china njala idalowa m'dziko la nyama ngati mlendo wopanda manyazi. Idabwera osaitanidwa, idakhala pampando, ndipo tsiku lochoka sidanene. Nyama zidafika popatsana moni ndi maso okha, poti kutsegula pakamwa kudali kuwononga mphamvu.

M'mudzi wina mudali mayi wamasiye dzina lake Gologolo, amene anzake ankamuitana ndi mfunda wake kuti Nachanza. Mwamuna wake adatengedwa ndi kabawi zaka ziwiri m'mbuyomo, n'kumusiyira ana anayi a mano akuthwa ndi mimba zosamva kukana. Gologolo adali wochepa thupi, wothwa pakamwa, wa mawu onzuna poimba. Ndiye adalinso ndi mchira. Mchira wake, abale! Njala idamudya nthiti, idamudya masaya, koma mchira idaulambalala. Udangoti yangayanga, wonenepa ngati wa mkazi wa nduna.

Mfumu yaikulu ya dzikolo, a Njovu, itamva kuti ana ayamba kugona osalira, idaitana nduna zake.

"Tsegulani nkhokwe za boma," idatero. "Chimanga, nyemba, mtedza, zonse zituluke. Koma ine sindingayende una ndi una. Ndikaponda pakhomo pa mbewa ndiye kuti ndadzetsa maliro. Pezani a mtima wachifundo, odziwa makomo a amphawi, agawe ndi iwowo."

Akhwangwala adamva msanga. Iwo adali ndi bungwe lawo lachifundo lotchedwa Mtima Woyera, ndipo aliyense ankavala kolala yoyera mbee pakhosi. Wapampando wawo, a Khwangwala aakulu a mandala pamphuno, adagwada pamaso pa mfumu n'kulira misozi ya amphawi mpaka mfumu idachita kuwabwereka mpango. Matumba adapita kwa iwo. Adamanga shedi, n'kuika a Nguluwe pakhomo kuti akhale mlonda.

Tsiku loyamba kugawa, Gologolo adafika kudakali chisisira, atanyamula nkhata yake yosenzera. Mzere udali wautali ngati wa linthumbu.

"Tisanagawe," adalengeza a Khwangwala, "muyambe mwaimba nyimbo yothokoza. Ndapeka ndekha."

Nyimboyo idali ya mizere iwiri yokha. Woyamba unkatamanda kolala yoyera, wachiwiri unkafunsa kuti pakadapanda eni kolalawo bwenzi amphawi ali kuti. Woyambitsa ankayenera kukweza mawu ngati akuitana mnzake kutsidya, ovomera n'kuwagwetsa pansi, kuwomba m'manja katatu ndi kugwedeza chiuno kamodzi. Mawu ake adali achabechabe, koma kaimbidwe kake kankalowa m'miyendo. Palibe adafuna kuyambitsa. Gologolo adaganiza kuti woyambitsa nyimbo saiwalika pogawa, ndiye adaiponya m'mwamba, mzere wonse n'kuvomera ndi mawu a njala.

Kenaka adayamba kuitana mmodzimmodzi kutebulo. Oyamba adali agogo a Fulu, amene adanyamuka kwawo dzana kuti afike nthawi yabwino.

"Mumakhala kuti, agogo?"

"Momwe muno," adayankha a Fulu, akugogoda chigoba chawo.

"Nyumba yanuyanu? Yosadontha? Yoyenda nayo? Agogo, chakudyachi n'cha ovutika. Wotsatira!"

Mayi Nkhanga adabwezedwa chifukwa cha chitenje chawo cha mawanga, poti mmphawi savala zotero. A Nungu adauzidwa kuti munthu wa mivi yambiri chonchi apite akasake. A Mfuko, osaona aja okhala pansi pa nthaka, adauzidwa kuti abungwe atayendera mudzi sadaone denga lawo, choncho iwo kulibe.

"Koma ndili pano," adadandaula a Mfuko.

"Zimenezo ndi zanu. Wotsatira!"

Gologolo adayandikira, manja kumbuyo, maso pansi.

"Ndine Nachanza, bwana, wamasiye, ana anayi. Ndine ndayambitsa nyimbo ija."

"Mwaimba bwino. Tatembenukani."

Adatembenuka.

"Icho n'chiyani?"

"Mchira, bwana."

"Mchira wotere umamera pa njala? Mayi, musatiseke. Kwanu mukudya mtedza."

"Ndi ubweya chabe, bwana. M'katimu muli kafupa ngati kamtengo ka tsache. Taugwirani muone."

"Ine sindigwira michira ya akazi a eni. Wotsatira!"

Wotsatirayo adali a Mvuu, thupi lili nyezinyezi, akupukuta m'maso.

"Mwana wamasiye," adalengeza a Khwangwala ndi mawu onjenjemera. "Matumba anayi."

"Mayi anu adamwalira liti, a Mvuu?" adafuula Gologolo.

"Chaka cha dzombe."

"Si chaka chija mudaona mdzukulu wanu wachitatu?"

"Umasiye sukalamba, mayi iwe," adadzuma a Nguluwe, amene adali mlamu wawo wa a Mvuuwo. "Choka apa."

Gologolo adabwerera nkhata ili m'manja. Ana ake adamuchingamira, n'kuyang'ana pamutu pake, n'kubwerera okha osafunsa.

Patapita masabata awiri kudalinso kugawa. Ambiri adagwa mphwayi, koma Gologolo adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adaviika mchira mumtsuko mpaka udafota ngati wa khoswe, n'kuthamanga nawo ukudontha. Adaima pamzere akumwemwetera yekha.

Tsoka lake, tsikulo a Khwangwala adadzuka ndi mawu ambiri. Adathokoza mfumu. Adathokoza nduna. Adathokoza makolo awo amene adawaphunzitsa chifundo, mmodzimmodzi, kuyambira agogo a agogo awo. Dzuwa lidakwera. Gologolo adamva kumbuyo kwake ubweya ukudzuka umodziumodzi. Adayesa kulavulira, koma malovu adali atapita kale ndi njala. Adaukhalira. Nthawi yomweyo adamuitana kuti ayambitse nyimbo ija ya kolala, ndipo poti idawakomera a Wapampando, adaibwereza katatu, chiuno chikugwedezeka, mchira ukuuma ndi mphepo.

"Nachanza, wamasiye, ana anayi."

"Tatembenukani."

Adatembenuka pang'onopang'ono ngati wodwala msana. Mchira udangoti phwii! n'kusesa mandala a Wapampando kuwagwetsera m'thumba la nyemba.

"Wanenepanso kuposa tsiku lija!" adakuwa a Khwangwala, akufufuza mandala. "Mayi inu, mukadakhala ndi chisoni bwenzi mukutithandiza kugawa!"

Mzere wonse udaseka, ngakhale amene adalibe mphamvu zosekera. Gologolo nayenso adaseka, poti akadapanda kuseka akadalira.

Kachitatu adakonzekera ngati wopita kunkhondo. Adaukulunga mchira m'chiuno, n'kuumanga ndi luzi, n'kuvala chitenje pamwamba. Tsikulo pamzere padalibenso wanjala wina aliyense, onse adatopa kubwezedwa. Padali a Mvuu, azilamu a a Nguluwe ndi akhwangwala ovula makolala kuti asadziwike. Gologolo adayambitsa nyimbo, onenepawo n'kuvomera mwamphamvu mpaka fumbi koboo.

"Tatembenukani."

Adatembenuka. Kumbuyo kudali see.

"Mchira uli kuti?"

"Tidadya, bwana. Ana adalira kwambiri."

A Khwangwala adatsitsa mandala. "Nanga mimba iyi? Munthu wanjala amatupa chonchi?"

"Ndi pakati, bwana."

"Pakati? Amuna anu si aja adapita ndi kabawi zaka ziwiri zapitazo?"

"Mwanayu ndi wochedwa, bwana. Akuti satuluka mpaka amve kuti kunja kuli chakudya."

A Mvuu adaphulika ndi phwete. Gologolo pofuna kudziletsa kuseka adakoka mpweya wambiri, luzi n'kungoti phwa! Mchira udatumphuka m'chitenje ngati nkhuku yothawa m'dengu.

"Wabereka! Wabereka mchira!" adakuwa a Nguluwe, akugubuduka pansi. "Amayi, nthungululu!"

Gologolo adathawira mumtengo wa pafupi ndi shedi, n'kubisala m'masamba. Kumwambako kuseka kudamuthera. M'mawa umenewo mwana wake wotsiriza sadadzuke kudzamuperekeza pakhomo, adangomuyang'ana ali chigonere. Adakhala panthambi akuganiza kuti akawauza chiyani.

Ali pomwepo adaona zimene a pansi sankaona. Shedi ija idali ndi khomo lina kumbuyo. A Nguluwe ankatulutsa matumba, akhwangwala n'kumawakokera kunyumba kwa Wapampando, m'phanga la mlambe waukulu. Thumba limodzi likatuluka kutsogolo, awiri ankatulukira kumbuyo.

Asanameze malovu, kudatera a Kakowa, mthenga wa mfumu, atavala zoyera zokhazokha.

"A Wapampando, mfumu ibwera mkuja. Ikufuna kuona ndi maso ake anjala amene mukuwadyetsa, imvenso nyimbo imene yatchuka ija."

"Wawa, wawa! Ndi mwayi wathu!" adayankha a Khwangwala akuwerama. Koma a Kakowa atangouluka, adatembenuka n'kuyang'ana anjala awo. A Mvuu khosi lidali litapinda kanayi. Azilamu a a Nguluwe ankayenda mimba zikukhula pansi.

"Tafa," adanong'ona. "A Nguluwe, kaitaneni owonda aja."

"Sabwera, bwana. A Nungu adalumbira kuti akadzandionanso pakhomo pawo adzandisandutsa chipeso."

"A Mvuu, mungawonde pofika mkuja?"

"Ndiyesetsa kudya pang'ono, bwana," adayankha a Mvuu akutafuna.

Pamenepo Gologolo adatsika, n'kutera patebulo penipeni.

"Bwana, ndamva kuti mukusowa nthiti zooneka."

"Iwe udakali pano?"

"Ine ndikhoza kukubweretserani owonda okhaokha, oti mfumu ikawaona ilira n'kutsegulanso nkhokwe ina. Amandimvera ine."

A Khwangwala adapendeka mutu. "Ufuna chiyani?"

"Thumba limodzi. Langalanga."

"Ndakupatsa kale, udzatenga mfumu ikapita. Koma tamvera. Aliyense adzasenza thumba pamaso pa mfumu, muimbe, muvine. Nyimbo ikangotha, matumba onse abwerere kuseri kwa shedi. Aliyense adzalandira chikho chimodzi cha chimanga cholipira thukuta lake."

"Nyimbo ikatha, matumba abwerere," adabwereza Gologolo. "Isanathe ayi?"

"Isanathe ayi! Ufuna mfumu idabwe?"

"Ndamva, bwana. A Nguluwe ndinu mboni."

Madzulo ake ndi tsiku lotsatira Gologolo adayenda khomo ndi khomo. Sizidali zophweka.

"Kusenza thumba n'kukabweza?" adakalipa agogo a Fulu. "Mwana iwe, kumeneko n'kununkhiza galu fupa. Ine ndakalamba."

"Agogo, inu mungobwera ndi miyendo, zina musiyire pakamwa panga. Lamulo ndi limodzi basi. Nyimbo isanathe, musatule katundu."

"Nanga ikatha?"

"Mudandionapo ine nditatseka pakamwa?"

A Fulu adayamba kuyenda pompo kuti mkuja akafike nthawi yabwino.

Tsiku lija lidakwana. A Mvuu ndi onenepa anzawo adabisidwa kuseri kwa chulu, n'kuuzidwa kuti asapume mokweza. Pabwalo padadzaza nthiti zokhazokha: a Fulu, mayi Nkhanga, a Nungu, a Mfuko atagwira mchira wa Gologolo kuti asasochere, ndi ena ambirimbiri. Mfumu Njovu idafika, nthaka ikuti di, di, di. Itaona khamulo, makutu ake adagwa.

"Anthu anga afika potere?"

"Tikuyesetsa, mfumu, tikuyesetsa," adasisima a Khwangwala. "Mukadawaona tisanayambe!"

Adasenzetsa aliyense thumba, a Khwangwala akumwetulira uku akuloweza nkhope ya aliyense wosenza. Gologolo yekha adatsala manja lende, poti woyambitsa nyimbo sasenza. Adatsokomola, adaimika mchira, n'kuiponya.

Abale, nyimbo ija idali isanaimbidwepo chonchi. Munthu akamva kulemera kwa chimanga pamutu, mawu amachokera kuchidendene. Ovomera adaigwetsa pansi mpaka tebulo lidanjenjemera. M'manja katatu, chiuno kamodzi. Khutu limodzi la mfumu lidayamba kukupiza. Kenaka linzake. Kenaka phazi lakutsogolo lidayamba kuponda lokha.

Itazungulira kachitatu, a Khwangwala adakweza phiko kuti basi. Gologolo adayang'ana kumwamba ngati waona chinthu chachilendo, n'kuiyambanso. A Khwangwala adatsokomola. Gologolo adaikweza. A Khwangwala adatsinzinira diso mpaka mandala adapendama. Gologolo adavina chobwerera m'mbuyo mpaka pamapazi a mfumu, adauza mayi Nkhanga kuti agwirizire nyimbo, iye n'kugwada.

"Wawa, mfumu. Kwathu kuno nyimbo iyi sithera pabwalo. Mwambo wake ndi woti wopereka aperekeze mphatso mpaka pakhomo pa wolandira, akuvina."

"Mwambo wokoma chotere ine osaudziwa? N'zoona, a Wapampando?"

A Khwangwala adatsegula mlomo, koma Gologolo adawatsogolera.

"Akuchita manyazi, mfumu. Adauyambitsa ndi iwowa. Amati chifundo chothera patebulo n'chopunduka."

"Mawu anzeru!" idagunda mfumu. "Mudanenadi zimenezi?"

"Ndi... ndimanena zambiri, mfumu."

"Tiyeni! Khomo loyamba ndi la yani?"

Ulendo udayambika. Gologolo patsogolo, mfumu pambuyo pake ikuponya matako uku ndi uku, matumba akudumphadumpha pamitu. Agogo a Fulu atatsalira, mfumu idawanyamula ndi chitamba n'kuwakhazika pamutu pake pamodzi ndi thumba lawo. Nkhalamba ija, imene idali isanakwerepo ngakhale pachitsa, idatulutsa khosi lonse n'kumavomera nyimbo ili m'mwamba, ikulozera njira ndi mwendo.

"Kumanzere, mfumu! Samalani mauna! Ponyani chiuno, mfumu, mukuchedwa!"

Pakhomo lililonse mfumu inkaima patali, n'kutula thumba ndi chitamba mpaka m'nyumba, ana n'kulikumbatira. A Khwangwala ankaulukira uku ndi uku, akunong'oneza aliyense kuti akumbukire pangano.

"Nyimbo yatha, bwana?" ankafunsa a Nungu, minga ili njo.

"Sinathe, koma..."

"Ndiye vomerani, mukutisokoneza."

Adathamangira kwa mlonda wawo. "A Nguluwe, chitanipo kanthu!" Koma a Nguluwe adali atatola chitini, akuchiimba ngati ng'oma, maso ali tsinzinu, thovu lili kukamwa.

"Pepani bwana, yandilowa!"

Nako kuchulu zinthu zidavuta. A Mvuu adapirira, adaluma mlomo, adadzigwira miyendo, koma gululo podutsa pafupi chiuno chidawapandukira. Adatulukira poyera akuvina chammbali, mafuta akugwedezeka ngati phala la m'mbale yaikulu, onenepa anzawo ali pambuyo.

Mfumu idaima mwendo uli m'mwamba. "Awa ndani? Awa njala idawaiwala?"

"Awa ndi... awa..." A Khwangwala thukuta lidatsikira mukolala.

"Onyamula katundu, mfumu," adayankha Gologolo. "Abungwe amawadyetsa bwino kuti azitha kusenza. Taonani m'makomomu mukutuluka anjala ena amene alibe matumba, pomwe m'shedi adatsalamo ambiri."

"A Wapampando, inu mumaganiza patali! Thamangani, anyamata, kakokoloreni zonse!"

Mwana wamasiye uja adasenza matumba asanu ndi limodzi ulendo umodzi, n'kubwereranso, n'kubwereranso, mpaka makwinya a pakhosi adayamba kuchepa. Khamu lidakula. Odwala adatuluka ndi ndodo, amayi ndi makanda kumsana, aliyense akulandira n'kulowa m'gule. Gologolo mawu akayamba kusasa, ankapatsira mayi Nkhanga, iwo n'kupatsira achule, achule n'kumubwezera. Nyimbo sidagwe pansi ngakhale kamodzi. Mizere iwiri yomwe ija, yotamanda kolala ndi kufunsa kuti bwenzi tili kuti, idazungulira midzi itatu, mwini kolala akuyenda pakati pake ngati woperekeza maliro a iye mwini.

Dzuwa litapendeka, a Mvuu adabwera manja ali zii, n'kunena kuti m'shedi mwatsala fumbi lokha. Apo n'kuti gulu litafika pakhomo pa Gologolo. Ana atatu adatuluka, wachinayi atamubereka mkulu wake. Adayang'ana pamutu pa mayi wawo.

Mfumu idayang'ananso pomwepo. "Iwe mayi, watiimbira tsiku lonse. Lako lili kuti?"

A Khwangwala adamwetulira koyamba tsiku limenelo. "Zachisoni, mfumu. Zatha. Mwina ulendo wina."

"Musadandaule, mfumu," adatero Gologolo ndi mawu osasa. "Langa lilipo. A Wapampando adandilonjeza pamaso pa a Nguluwe, ndipo poopa mbava adakandisungira kunyumba kwawo."

"Ndine mboni!" adakuwa a Nguluwe, osaleka chitini.

"Kunyumba kwawo kwenikweni? Mtima wotani umenewu! Tiyeni tikatenge!"

"Mfumu, n'kutali," adalira a Khwangwala. "Njira yake ndi yoipa. Akazi anga sadasese. Ndikatenga ndekha, ndili ndi mapiko!"

"Mwambo ndi mwambo, a Wapampando. Mudauyambitsa nokha. Nyimbo!"

Adavina mpaka pamlambe paja. Akazi a Wapampando, atamva phokoso, adatsegula chitseko kuti aone, ndipo thumba la mtedza lidagubuduka lokha n'kudzagwa pamapazi a mfumu. Lina lidatsatira. M'katimo matumba adali atasanjikizana mpaka kumwamba, mwini nyumba ankagona chokhala.

Ovomera adatsitsa mawu, koma sadaleke. Mfumu idalowetsa chitamba m'phangamo, n'kuchitulutsa pang'onopang'ono.

"Onsewa ndi a mayi mmodziyu?"

"Langa ndi limodzi, mfumu," adatero Gologolo. "Enawa a Wapampando afotokoza okha."

Maso onse adatembenukira kwa a Khwangwala. Iwo adayang'ana minyanga ya mfumu, adayang'ananso minga ya a Nungu.

"Ndi... ndi a midzi yakutali, mfumu. Amene sangathe kuyenda. Timati tikagawe mawa."

"Mawa? Miyendo itatentha kale lero? A Kakowa, ulukani mukauze midzi yakutali kuti itichingamire panjira. A Mvuu, weramani!"

Adakokolola zonse, ngakhale kathumba ka nyemba kamene mayi a m'nyumbamo adakakhalira n'kumanamizira kudwala mwendo. Midzi yakutali idabwera ikuthamanga, ndipo pamphambano mfumu idagawa yokha ndi chitamba mpaka padatsala thumba la Gologolo lokha. Kenaka idakweza a Khwangwala pamnyanga kuti onse awaone.

"Taonani mtumiki wa boma! Wagawa mpaka nyumba yake yatsala mbee ngati kolala yake. Taonani akulira ndi chimwemwe! Kuyambira lero chakudya cha boma chizigawidwa chonchi, masana, ndi nyimbo, mpaka pakhomo. Ine ndikatanganidwa, a Kakowa azivina m'malo mwanga. Ndipo a Wapampando, poti mumakonda amphawi chotere, muziyenda patsogolo kuloza makomo."

Nthungululu zidang'amba mlengalenga. A Khwangwala adayesa kuyankha, koma pakhosi padangotuluka kuti khwaa.

Thumba la Gologolo mfumu idanyamula yokha kubwerera nalo. Atatsala pang'ono kufika, idatsitsa mutu mpaka pafupi ndi khutu lake.

"Mayi iwe, mwambo uja udayamba liti?"

Gologolo adayankha monong'ona. "Ndi wakalekale, mfumu. Wa m'mawa uno."

Mfumu idaseka chamumtima mpaka agogo a Fulu adagwedezeka pamutu paja. "Maso anga ndi aang'ono, koma mphuno ndi yaitali. Mtedza wa mumlambe uja ndidaununkhiza ndisanafike n'komwe pabwalo. Ndimangosowa wondiperekeza. Tsopano itseke nyimboyi, miyendo yanga yatha."

Thumba litalowa m'nyumba, Gologolo adakweza dzanja, khamu lidawomba m'manja katatu komaliza, ndipo nyimbo idatha. A Nguluwe adatsegula maso, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Bwana, yatha. Tikatolere matumba?"

"Pitani mukayambire kwa a Nungu," adayankha a Khwangwala.

Gologolo adasonkha moto, adaika chiwaya, n'kuthiramo chimanga ndi mtedza. Wotsiriza uja adamutafunira yekha n'kumamudyetsa pang'onopang'ono, mpaka mwanayo adakwinya nkhope n'kulira kuti mkulu wake watenga zambiri. Mayi ake atamva kulirako adafuna kuliza nthungululu, koma mawu adali atatheratu, padangotuluka kamphepo. Adakhala masiku asanu ndi limodzi osayankhula, ndipo agogo a Fulu ankauza aliyense wodutsa kuti pa zodabwitsa zonse za chaka chimenecho, chachikulu chidali chimenechi.

Yanga yafika pakhomo, ndatula. Amene muli ndi chimanga pachiwaya kavundulireni, chingapserere.